Kaphini pa Masamba Omaliza

Mwini sitolo anasuzumira pakatani ya chipinda chakuseri, foni ikadali m'manja, n'kunena ngati akukamba za mvula kuti mayi uja wa pashelefu yapamwamba waimba. Akubwera lero lomwe, ndipo sakudzera buku ayi, akufuna aonane ndi munthu amene amamusankhira mabuku.

Nakuseri anali atagwira sizasi. Anaiika pansi bwinobwino, dzanja n'kupita lokha kuseri kwa khutu lamanzere, pamene tsitsi linali litakhala lomasuka sabata yonse chifukwa kaphini kake kanali katachoka. Kumene kanapita ankakudziwa. Mayi wa pashelefu yapamwambayo sanali kasitomala wamba, anali achemwali ake, bere limodzi, amene anali asanalankhulane nawo kwa zaka zoposa makumi awiri. Achemwaliwo ankalandira buku mwezi ndi mwezi osadziwa kuti likuchokera m'manja mwa yani. Pakati pa awiriwo panali patatsala kaulusi kameneko basi, ndipo Nakuseri anadziwa kuti lero kaduka.

Dzina loti Nakuseri anamupatsa ndi mwini sitoloyo, bambo wamtali wadazi amene amakonda mabuku ake mwakuti munthu akagula limodzi, amaliperekeza ndi maso mpaka pakhomo ngati mwana wopita kusukulu yogonera. Mayiyu anafika pasitolopo atangosamukira mumzindamo, maliro a mayi ake atatha, ndipo anamulemba ntchito yopukuta fumbi. Ankapukuta ndithu, koma buku limodzi linkamutengera theka la tsiku chifukwa ankalipukuta tsamba ndi tsamba, maso ali pamenepo. Kukauntala sankafunako. Kumwetulira kwa malonda kunamukana kuyambira kale, choncho malo ake anakhala kachipinda kakuseri, kopanda zenera lenileni koma kabowo kamwamba, komwe kumanunkhira mapepala ndi guluu.

Nthawi imene anthu anayamba kugula chilichonse pafoni, sitoloyo n'kuyamba kuzizira, ndi iyeyo amene anatulukira nzeru. Anauza mwini sitolo kuti anthu sanasiye kuwerenga, angotopa ndi kusankha. Tsono munthu azilembetsa, alipiriretu, ndipo mwezi uliwonse wanjinga yamoto azimupititsira buku limodzi, lokulunga m'pepala lakhaki, lomanga ndi kachingwe, losankhidwira iyeyo osati wina. Mwini sitolo anaseka, koma lero lino magetsi a m'sitolomo amayaka chifukwa cha maphukusi akhakiwo.

Mafunso ake kwa munthu wodzalembetsa ndi achilendo. Safunsa kuti mumakonda mabuku otani, chifukwa akuti pamenepo aliyense amanama. Amafunsa ngati mumawerenga chogona kapena chokhala, buku limene munalisiyira panjira ndi tsamba limene munalekera, ndiponso ngati m'nyumba mwanu muli munthu wokonda kuyatsa wailesi. Dalaivala wa malole amamupatsa timabuku topyapyala tokwana m'thumba la chitseko cha galimoto. Loya wina wopuma pantchito amaumirira mbiri ya nkhondo, koma Nakuseri anaona kale kuti mabuku amene amamaliza ndi achikondi, ndiye amamutumizira nkhondo yokhala ndi chibwenzi mkati, ulemu wa bamboyo osakhudzidwa. Aliyense ali ndi kampata kake pashelefu, pomwe buku lake limadikira tsiku. Ndipo palibe buku limene amalikulunga asanaliwerenge yekha mpaka tsamba lomaliza, m'basi, pa nkhomaliro, ngakhale pamzere wakuchipatala.

Kunena mosapsatira, mayiyu ali ndi nthenda imodzi. Amadziwa chimene chikukuyenera iwe usanatsegule pakamwa, ndipo choipitsitsa n'chakuti kawirikawiri amalondola. M'sitolo ya mabuku nthenda imeneyi imadyetsa munthu. Kwawo inamulanda m'bale.

Ali ana ankagona bedi limodzi ndi achemwali akewo, mabuku obwereka kusukulu akuwerengera pamodzi. Achemwali anali ndi khalidwe limene linkamupsetsa mtima: buku lililonse ankayamba kuliwerenga kumapeto. Akadziwa amene wafa ndi amene wakwatira, m'pamene ankabwerera poyambira, n'kumawerenga akugwedeza phazi. Wamng'onoyo akadandaula, ankamuyankha kuti iwo akadziwa kumene akupita amayenda mtima uli m'malo, zodzidzimutsidwa sazifuna. Nakuseri anapeza mankhwala ake. Ankazula kaphini m'tsitsi mwake n'kupanira pamodzi masamba omaliza a buku, kenaka n'kumayang'anira ngati mlonda. Ankamenyanirana kaphiniko mpaka mayi awo kulowa ndi chikwapu chimene sichinkagwa pa aliyense, chifukwa iwonso ankangoseka.

Mayiwo anadwala achemwali ali kubanja, kutali, ali ndi pathupi pachitatu atapita padera kawiri. Madokotala anali atawauza achemwaliwo kuti agone, asanyamule ngakhale ndowa yopanda madzi, asamve za ulendo. Wodwazika mayiwo anali Nakuseri. Matenda atakula, iye anaganiza, n'kuganizanso, n'kusankha. Achemwali akaimba foni ankawauza kuti amayi akupezako bwino, angogona pang'ono, ndipo achibale onse anawatseka pakamwa. Komatu masiku omalizawo mayi aja, chitseko cha wodi chikangoti kwee, ankatembenuza mutu n'kufunsa ngati mwana wawo wamkulu wafika. Nakuseri ankayankha kuti ali m'njira. Zimenezi sanauzeko munthu. Kwa onse ofunsa ankati mayi anapita mwamtendere, ali m'tulo.

Achemwali anamva za matenda ndi za imfa pa foni imodzi. Kumaliro anabwera atagwiriziridwa ndi amuna awo, ndipo sanakuwe, sanatukwane. Anthu atabalalika anangomuyang'ana mng'ono wawo n'kunena motsitsa mawu.

"Anakutuma ndani kundisankhira? Anali amayi anga inenso."

Amalume anayesa kuwakhazika pansi, ampingo anayesa, koma zinakanika. Mwana anabadwa bwinobwino, wamkazi, ndipo Nakuseri ankadzitonthoza ndi mwana ameneyo ngakhale anali asanamuonepo. Masiku ena ankati anachita bwino, masiku ena ankadzida. Anasamuka, n'kukalowa kuseri kwa mabuku.

Ndiye tsiku lina, zaka zonsezo zitapita, mwini sitolo analowetsa kuseriko mtsikana wovala yunifolomu ya kubanki amene ankafuna kulembetsera mayi ake. Anafotokoza kuti bambo ake anamwalira, iye wawatenga mayiwo kudzakhala nawo mumzinda muno, koma amangokhala pakhonde kuyang'ana geti. Mtsikanayo ataseka, Nakuseri anaona mpata wa pakati pa mano ndi chipumi cha malemu mayi ake. Dzina litatchulidwa panalibenso chokayikitsa. Mtsikana uja ankangoti amayi, amayi, monga umatchulira mayi aliyense wamkulu m'sitolo, osadziwa kuti akulankhula ndi mayi ake aang'ono enieni.

Nakuseri anafunsa mafunso ake onse, ngakhale mayankho ankawadziwa kuposa wofunsidwayo. Mtsikana anawonjeza akuseka kuti mayi akewo ali ndi kakhalidwe koyamba buku kumapeto. Pamenepo m'pamene pakanayenera kunenedwa chilungamo, koma Nakuseri anangoti anthu otero alipo, n'kupukuta kampata pashelefu yapamwamba, pamene dzuwa la pakabowo limafika. Anali atasankhanso, ndipo ankadziwa.

Kuyambira pamenepo mwezi wake unkazungulira pa phukusi limodzi. Ankasaka mabuku a zilembo zikuluzikulu, chifukwa maso a kwawo amafooka msanga. Ankapewa nkhani za zipatala. Ankakumbukira kuti achemwali amaseka kwambiri munthu wodzikuza akagwa pagulu, ndipo amadana ndi nkhani zokhala ndi maloto ambiri. Pofuna kuti asakayikiridwe, nthawi zina ankaphonya dala, n'kutumiza buku labwino koma losawayenera kwenikweni, ngati mmene angachitire munthu wosawadziwa. Kuphonya dalako kunkamuwawa kuposa ntchito ina iliyonse.

Malipiro ake anali timauthenga ta mtsikana uja. Amayi aseka mpaka misozi. Amayi akana kudya mpaka amalize mutu umene ali. Amayi akuti wosankha mabukuyo ndi mfiti, amawalowa m'mutu. Wanjinga yamoto naye, bambo wa ana ake wosakonda zolankhula, ankapanikizidwa ndi mafunso akabwerako: watsegula geti ndani, akuoneka onenepa kapena owonda, akuyenda bwanji. Bamboyo ankangoti ali bwino, koma tsiku lina anawonjeza kuti mayiwo amakhala atamudikira kale pageti. Mawu amenewo Nakuseri anayenda nawo mwezi wonse.

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Buku la mwezi uno linali la mayi wina wokonza mawotchi m'tauni ya padoko, ndipo mathero ake anali okoma mwakuti Nakuseri anapitirira siteji yake m'basi. Tsiku lokulunga anali akung'ung'udza kanyimbo, maphukusi ali mbwee patebulo, wanjinga akuliza hutala panja. Atagwira buku la achemwali anaganiza kuti awa ayambira kumapeto, aononga zonse. Sanaganize china. Manja anachita okha zimene anazolowera ali mwana: anazula kaphini, n'kupanira masamba omaliza, n'kukulunga, n'kumanga. Anazindikira atafika kunyumba, ataima pagalasi, tsitsi la kumanzere lili lende. Phukusi linali litafika kalekale.

Sabata yonseyo kuchokera kwa mtsikana uja kunali zii. Nakuseri anayesa kudzinamiza kuti mwina kaphini kanagwera m'pepala, mwina achemwali anaiwala za ubwana. Koma ndi munthu uti wina padziko amene angapanire masamba omaliza a buku ndi kaphini ka tsitsi? Kaphini kena sanagule. Ankaona ngati kugula kena n'kuvomereza kuti zatha.

Tsono lero mwini sitolo anali chiimire pakatani, akudabwa kuti nkhani yabwino chotere yamuumitsa bwanji munthu. Kasitomala wofuna kuthokoza, anatero, si wothawa. Nakuseri anamuuza kuti akhale pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zonse zimene anagwira ntchito limodzi, anamufotokozera za kwawo, mwachidule, maso ali pa kachingwe. Kenaka anapempha chinthu chimodzi: mayiwo akafika, bamboyo anene kuti wosankha mabuku ndi iyeyo.

Mwini sitolo anasisita dazi lake. Anati bodza silimukhala, ngakhale mkazi wake amamugwira asanamalize chiganizo, komanso chibale ndi fupa, sichiola, bwanji osangotuluka n'kupereka moni. Nakuseri anayankha kuti fupa limathyoka. Achemwali akadziwa kuti ndi iye, mabuku awakana, abwerera pakhonde paja kukayang'ana geti, ndipo iye sadzamvanso ngakhale zoti aseka. Pomaliza bamboyo anavomera, koma za kaphini Nakuseri sanamuuze. Anachita manyazi.

M'mawa wonse anamuphunzitsa ngati mwana wa mayeso: buku loyamba linali lakuti, lachiwiri analikonda chifukwa chakuti, lija la alimi a maluwa linali lophonya. Mwini sitolo ankasokoneza mabuku, n'kumawonjeza maganizo ake amene palibe anawapempha. Nakuseri anaganizako zongothawa, koma khomo lakumbuyo linali litatsekedwa ndi makatoni a mabuku asukulu amene anafika dzulo lake, ounjikana mpaka kudenga. Njira yotulukira inali imodzi, yodutsa pakauntala, ndipo akanatha kukumana nawo pakhomo penipeni.

Pachitseko cha sitoloyo pali kabelu. Zaka zonsezi Nakuseri sankakamvanso, koma tsiku limeneli ankangokatchera khutu. Kanalira, anali mphunzitsi wofuna dikishonale. Kanaliranso, anali dalaivala wa malole uja, wodzanena kuti buku lapitali linali ndi anthu ambiri, ankasokonezeka nawo. Nakuseri anamuyankha kudzera pakatani kuti wamva, osatulutsa ngakhale mphuno. Anakulunga phukusi la loya, n'kulimasula poganiza kuti waikamo buku lolakwika, n'kupeza kuti linali lolondola, n'kulikulunganso mokhota. Buledi amene anabwera naye anauma m'pepala. Ankangoyang'ana kampata ka pashelefu yapamwamba, pomwe buku la mwezi wamawa linali litakhala kale, ndipo mantha anasanduka chisoni, chisoni n'kusandukanso mantha.

Dzuwa litapendeka kunayamba kuwaza mvula, sitolo n'kukhala yopanda munthu. Mtima unayamba kumunamiza kuti mwina sabwera, miyendo ya munthu wamkulu ndi mvula sizigwirizana. Kabelu kanalira. Panamveka kukutumula ambulera, kenaka mapazi oyenda mosafulumira, limodzi lokoka pang'ono. Moni amene anaperekedwa pakauntala anamudzidzimutsa Nakuseri, chifukwa mawuwo sanali a achemwali amene ankawakumbukira. Anali atakalamba n'kusanduka mawu a mayi awo.

Mwini sitolo anayamba bwino ndithu. Anawalandira, anawapatsa mpando umene anaukana, n'kunena mokweza kwambiri kuti wosankha mabuku uja ndi iyeyo, ndipo ndi wokondwa kuti akuwasangalatsa. Anayamba kulakatula za buku loyamba ndi lachiwiri monga anaphunzitsidwira. Mayiwo anamusiya alankhule mpaka mawu anamuthera. Kenaka panamveka kutsegula chikwama, ndi kugunda kwa buku pakauntala.

"Ndiye kaphini aka, bambo, kanachoka m'tsitsi lanu?"

Kunja mvula inkamveka bwinobwino. Mwini sitolo, munthu amene mutu wake umawala ngati mbale yotsuka, anatsokomola, n'kunena kuti akaone ngati zenera lakumaso latsekedwa.

Katani inakankhidwira pambali. Nakuseri anali ataimirira kumbuyo kwa tebulo, atagwira mpukutu wa kachingwe ndi manja awiri. Achemwali anali atachepa thupi, imvi zili mbuu, magalasi ochindikala ali pamphuno. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuyang'ana mashelefu, timipata tonse ndi mayina ake, mpaka maso anaima pa kampata kapamwamba. Sanamwetulire.

"Achemwali," anatero Nakuseri, mawu akutuluka theka.

"Wanjinga wako asabwerenso kwathu."

Chimene ankachiopa sabata yonse chinali chitachitika, ndipo chinatenga kanthawi kochepa zedi. Nakuseri anagwedeza mutu. Anafuna kunena kuti mabukuwo akhoza kumasankha wina, iye osawakhudza n'komwe, koma anadziwa kuti kumeneko kukhalanso kukonzera munthu moyo, ndiye anatseka pakamwa.

Achemwali analankhula osakweza mawu, monga kale. Anati anayamba kukayikira kalekale, pa buku lachitatu, chifukwa mlendo sangadziwe chimene chimakuseketsa, koma ankadziuza kuti ndi ukalamba. Anati mwana wawo analira atamva, poganiza kuti wawapereka, ndipo iwo anachita kumutonthoza. Anati chimene chinawapweteka si mabuku, mabukuwo anali abwino, ndipo n'chifukwa chake zinawawa: anakhala pageti kudikira ngati mwana, osadziwa kuti akudyetsedwanso ndi supuni ndi munthu yemwe uja, amene amaona kuti iwo sangathe kusenza zoona.

Nakuseri sanadziteteze. Anadikira kuti atembenuke azipita, ndipo anali atayamba kale kumva mmene chipindacho chidzakhalire mawa. Koma achemwali anayang'ana uku ndi uku, n'kukoka katoni imodzi ya mabuku asukulu, n'kukhalapo movutikira, mwendo wokoka uja atautambasula. Buku la wokonza mawotchi analiika patebulo. Kaphini kanali pomwe paja, katapanira masamba omaliza.

"Sindinakachotse, ndipo bukuli sindinaliwerenge. Ukudziwa kuti sindiyamba chinthu ndisanadziwe kothera kwake." Anavula magalasi n'kuwagwira pamiyendo. "Zaka zonsezi za amayi ndimangomva kuti anapita ali m'tulo. Aliyense mawu amodzimodzi, ngati munaphunzitsana. Unalipo ndiwe wekha. Ndiuze mmene anapitira, ndipo uyambire kumapeto."

Mawu aja anali pafupi, okonzeka, osalala chifukwa chonenedwa kambirimbiri. Anapita mwamtendere. Nakuseri anayang'ana manja a achemwali, owonda, mitsempha ili poyera, ndipo nthenda yake ija inadzuka ndi mphamvu zake zonse. Inamuuza kuti munthu uyu ndi wamasiye, ndi wokalamba, mwendo ukumuvuta, zoona zimupha, mupatse zimene angathe kunyamula. Ankadziwa bwino lomwe chimene chikanawayenera. Ankadziwanso kuti akangonena zimenezo, achemwali avala magalasi, athokoza mwaulemu, ndipo kabelu kalira komaliza.

Anaika kachingwe pansi.

"Sanagone," anatero. "Anali maso. Masiku onse omaliza ankafunsa inu. Chitseko chikatseguka ankati, wafika? Ine ndinkati muli m'njira."

Achemwali anatseka maso, koma anakweza dzanja pang'ono kuti apitirize.

"Tsiku lomalizalo kunali m'mawa, anamwino atangosinthana. Maso anali atasiya kuona bwino. Ndinatuluka kukatenga madzi, ndipo pobwera chitseko chinalira. Anatchula dzina lanu." Apa anatsamira patebulo. "Ndinayankha. Ndinati ndafika, amayi. Ndinayankhula ngati inu, mmene mumakokera mawu muja. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, wachedwatu, mwana ali bwanji m'mimbamo? Ndinati ali bwino. Anati basi. Sanalankhulenso."

Analira ndi achemwali, kulira kopanda phokoso kumene kumagwedeza mapewa, ndipo Nakuseri sanayerekeze kuwakhudza. Anaima pomwepo manja ali lende, misozi ikutsikira pa pepala lakhaki n'kulidetsa. Sanadziwe ngati wawapatsa kanthu kapena wawalanda kachiwiri. Kumaso kunamveka mwini sitolo akutembenuza kachikwangwani ka pachitseko, ngakhale nthawi yotsekera inali isanakwane.

Patapita nthawi achemwali anapukuta nkhope ndi nsonga ya mpango, n'kufunsa ngati mayi anakhulupiriradi. Nakuseri anati sakudziwa. Masiku ena amaona ngati anakhulupirira, masiku ena amaona ngati anadziwa koma anamumvera chisoni. Achemwali anati amayi sankapusitsika, ngakhale pa nkhani ya shuga wobedwa, ndipo kanthu kena konga kuseka kanadutsa pankhope pawo n'kuzimirira. Za kukhululuka sananene, ndipo Nakuseri sanapemphe.

Achemwali anatambasula dzanja n'kusolola kaphini kaja m'buku. Masamba omaliza anatseguka okha, koma sanawayang'ane. Anakagwira kaphiniko kanthawi, n'kumuuza mng'ono wawo kuti awerame, tsitsi lake likuoneka ngati la munthu wothawa moto. Nakuseri anazungulira tebulo n'kuwerama. Zala zozizira zinakoka tsitsi la kuseri kwa khutu mosanyengerera, mpaka kuwawa, monga zinkachitira m'mawa uliwonse popita kusukulu.

Atamaliza anavala magalasi, n'kuloza katoni ina ndi ambulera.

"Khala pansi. Kumapeto ndamva. Tsopano bwerera poyambira, tsiku limene anayamba kudwala, ndipo usadumphe tsamba."